Chithunzi cha Mlonda Chinatsala mu Shopu

Chaka chomwe kolona anatitsekera m'nyumba, ndinkagwira ntchito pa shopu ina yosindikiza mapepala ku Karama, mumzinda wa Dubai. Ntchito yanga inali kuyala mawu ndi zithunzi pa kompyuta: mamenyu a malesitilanti, makadi a ukwati, zikwangwani. Shopu itatsekedwa ndinatsala ndi fulashi m'thumba ndi kalaputopu kanga kokalamba, m'chipinda chomwe tinkapanikizanamo ndi anzanga ngati machesi.

Kenaka kunabwera uthenga woti mnzathu wa ku Kasungu, mlonda pa hotela ina ku Rigga, watisiya. Ndege sizinkauluka, choncho anamuika konkuno, m'bokosi lomata, popanda aliyense wa ife kumuona. Kumudzi anagwirizana kuti akhuza maliro Loweruka, opanda mtembo. Mkulu wake wa malemuyo anandiimbira foni.

"Achimwene, amayi akukana kuti mwana wawo wamwalira. Akuti maliro osaona nkhope si maliro. Tamva kuti muli ndi chithunzi chake chabwino. Tikufuna tichisindikize chachikulu, tichiike pampando, anthu adutse aone."

Khirisimasi yapitayo malemuyo anabwera kushopu atabwereka suti, ine n'kumujambula, n'kumupangira kalendala yoti adzatumize kwawo. Womupatsira kuti akapereke kumudzi sanapezeke. Zithunzi zina zinali mu foni yake, yomwe palibe ankadziwa kaitsegulidwe. Fayilo ya kalendalayo inali pa fulashi yanga, ndiye ndinayankha modzitama kuti, "Musadandaule, zimenezo n'zazing'ono."

Ndinawerengera madzi a mphutsi. Pulogalamu ya kushopu inali yodula, ya abwana, pomwe pa laputopu yanga panali ina yaulere. Mapulogalamu amenewa ali ngati akazi a pamitala, khomo limodzi koma osabwerekana mchere. Fayilo inakana kutseguka. Ndinaisandutsa mtundu wina, inatseguka, koma mtima wanga unangoti myu. Zilembo zasintha, miyezi yakwerana, ndipo pomwe panali munthu panatsala bokosi lopanda kanthu, mizere iwiri itapingasana pakati. Ndipamene ndinakumbukira kuti pulogalamu ya kushopu siimeza chithunzi m'fayilo, imangoloza komwe chasungidwa. Chithunzi chenicheni chinatsala mu kompyuta ya kushopu, kuseri kwa chitseko chachitsulo.

Masiku amenewo kutuluka panja kunkafunika chilolezo, ndipo makiyi anali ndi abwana, bambo wa ku India wokhala pafupi ndi shopuyo. Ndinawaimbira foni.

"Khalas, basi, shopu ndi yotseka," anatero. "Ukufuna apolisi andigwire chifukwa cha kalendala?"

Ndinawafotokozera mmene timachitira kwathu, kuti munthu sapita kumanda abale asanadutse n'kumuona nkhope. Iwo anangoti, "Inshallah," kutanthauza kuti Mulungu akalola. Aliyense amene wakhalako ku Dubai amadziwa kuti mawu amenewo sumangirapo nyumba.

Ndinayamba kudikira. Mkulu wa malemu ankangoimba, ine n'kumangoti, "Zikutheka, achimwene." Wina akatsokomola pabedi la pamwamba, tonse tinkangoyang'ana kukhoma. Ndinali ndi mantha, ndipo sindinganame kuti anali a malemu okha. Ndinkadzifunsa kuti zikanakhala za ine, pampando akanaikapo nkhope iti? Ya pa pasipoti, yooneka ngati wandende ija?

Lachinayi masana foni inalira, ndi abwana pa vidiyo. Anali atatenga chilolezo chokagula mankhwala n'kupatukira kushopu. Masiki kumaso, magalasi atachita nthunzi, akuyenda mwakachetechete ngati wakuba m'shopu yawo yomwe. Munthuyo pa malonda ndi katswiri, koma pa kompyuta chala chake n'chikhasu.

"Osati pamenepo bwana, pansipo! Musafufute!"

"Yalla, fulumira, ndilibe nthawi."

Chithunzi chitafika pa foni yanga, ndinakhala pansi penipeni. Ndinayala tsamba latsopano mu pulogalamu yanga, chithunzi pamwamba, dzina m'munsi, n'kutumiza kwa mkulu wina wa shopu ya fotokope pa Kasungu boma. Iyenso anali ndi pulogalamu yakeyake, yachitatu. Fayilo yanga inamubalalikira, ndiye anangotulutsamo chithunzi n'kuchiyala yekha. Ndinamupempha kuti andionetse asanasindikize. Anati netiweki ikuvuta, koma ndisakayike, ntchitoyi anaiyamba kalekale.

Loweruka madzulo mkulu wa malemu ananditumizira chithunzi cha pamaliro. Mpando wa pulasitiki, chitenje, maluwa a bogenivila, ndipo pakati mnzanga uja. Nditakulitsa ndinafuna kuponya foni pansi. Pepala la wafotokope linali lotambalala kuposa langa, ndiye mmisiri wamkuluyo anangokoka chithunzi cham'mbali kuti chidzaze. Nkhope inatambasuka, masaya tuu, khosi ngati la mwini golosale. Ntchito yonse ija, mantha onse aja, n'kukathera pa munthu wina amene sindinamuonepo. Ndinapsa mtima, ndinachitanso manyazi, ndipo ndinaimba foni kuti ndipepese.

Sanandilole n'komwe kuyamba.

"Achimwene, Mulungu akudalitseni. Amayi anachigwira nthawi yaitali, analira, tsopano avomereza. Kenaka anaitana amayi anzawo akuti, 'Taonani masayawa. Mwana wanga ankadya bwino kumeneko, sanafe ngati galu.' Usiku uno alawako phala koyamba chimvereni uthenga."

Malemuyo ine ndinkamudziwa. Chakudya chake chinali khubusi, kabuledi kopyapyala kotchipa, ndi tiyi, ndipo lamba wa yunifolomu ankachita kuboola yekha ndi msomali kuti amukwane, poti anali woonda.

"Kodi muli pomwepo, achimwene?"

"Ndilipo," ndinatero. "Auzeni amayi kuti ankadyadi bwino."