Fumbi la m'kachikho ka amai

Amai anali ndi kachikho kodetsedwa ndi utsi, kotseka ndi chitsononkho. M'menemo ankasunga mapila ofiila a kwathu ku Katete, mbeu ya m'munda wa malemu amai awo. Atate atamwalila, kachikho aka ndiko kanali pamwamba pa katundu wathu pobwela ku Nyampande, kumene amalume anakwatila.

Amalume anali mkamwini chabe, munda unali wa abale a akazi awo. Anatipemphela kachigawo m'mphepete mwa chimanga, ndipo chaka choyamba amai anafesapo mapila aja.

Dzinja lotsatila ndilo sindiliiwala. Chimanga cha m'malile chinalekela m'mawondo, masamba achikasu, opindika ngati kuli ng'amba, chonsecho mvula ikugwa bwino. Pansi pake panatuluka timaluwa tofiila. Ine ndinkatitsomeka m'tsitsi, mpaka amai anandimenya padzanja. Anali kaufiti.

Mau anayambila kuchitsime. Ankati munda uja sunaonepo zotele chiyambile, ndipo kachikho ka mlendo si ka mbeu ayi, ndi nsupa. Tikafika ndi zidebe, azimai ankaleka kuseka. Tsiku lina amalume anabwela chipewa chili m'manja, nati, "Mlongo wanga, akuti mukakolola muone kopita. Ine pano ndilibe mau." Kopita tinalibe.

Kusukulu kunali aphunzitsi ochokela ku Kasama, amene Chinyanja chawo chinkatiseketsa. Anali ndi makina akale oonela tinthu tating'ono, okhala ndi kagalasi pansi kotapila kuwala kwa dzuwa. Anati aliyense abwele ndi mbeu za kunyumba. Amai anandikhuthulila za pansi pa kachikho papepala, pamodzi ndi fumbi lake.

Ndinali wamanyazi monga ndilili lelo, choncho ndinasuzumila womaliza. Njele ya bonongwe inali ngati diso la nkhuku, yakuda, yosalala, yonyezimila. Ya fodya inali yokhakhala, ngati yavala ukonde. Aphunzitsi ankabweleza kuti, "Mbeu iliyonse ili ndi nkhope yake. Yang'anani khungu, dzina libwela lokha."

Mapila anga anawakankhila pambali, anali aakulu. Anaika fumbi lija pagalasi, nasuzumila. Kenaka anandikodola. Silinali fumbi. Tinali tinjele tofiilila, tosongoka mbali imodzi, ta mizele yopotana ngati chingwe cha luzi. Anatuluka, nakazula kaufiti wouma kuseli kwa kalasi, natikitila njele zake pagalasi lina. Nkhope inali imodzimodzi.

Nkhani ya nsupa anali ataimva, ndipo Loweluka anafika kwathu panjinga, makina atawakulunga m'chitenje. Anawakhazika pamtondo wovundikila pakati pa bwalo, eni munda onse alipo. Lelo ndimaona kuti akanayamba afunsa amai paokha. Sanatelo, ndipo mwina akanafunsa, amai akanakana, ife tikanasamuka.

Anthu anawelama mmodzimmodzi, diso lina atatseka ndi dzanja. Mlamu wawo wa amalume, amene ankatsogolela nkhani yotichotsa, anaweluka nati, "Ndiye kuti anabwela nazodi!"

"Anabwela nazo, inde bambo," anatelo aphunzitsi, "monga buluku lanulo labwela ndi chisoso. Kodi bulukulo ndi mfiti?"

Bambo uja anayang'ana miyendo yake. Chisoso chinali mbwee mpaka m'mawondo. Bwalo lonse linaphulika, ngakhale amalume anaseka atabisa pakamwa ndi chipewa.

Amai sanaseke. Anasuzumila omaliza, ndipo anachedwapo kuposa onse. Ataweluka analowa m'nyumba, natuluka ndi kachikho, nakhuthulila zonse pamoto pamaso pa anthu. Mapila anathetheka, ena kudumphila paphulusa atayela mbee, fungo lake ngati chimanga chokazinga. Ananena mau ochepa: "Amene ali m'munda ndiwatema m'mawa. Kaufiti ndizula ndekha asanachite maluwa, chaka ndi chaka." Palibe anawalamula. Palibenso anatchula za kusamuka, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Tinazuladi, zaka zambili, mpaka ndinasiya sukulu. Tsopano ndili ndi kamunda kanga ku Nyimba, ndipo mbeu iliyonse yopatsidwa ndimaipeta kawili, fumbi n'kuliotcha. Mapila ofiila aja ndafunsa m'misika, sindinawaonenso.

Koma tsiku lija ndinali wokondwa. Sitichoka! Ndinagwada pamoto kutola timapila tophulika, ndikuuzila phulusa, ndikudya. Tinali tokoma. Ndinadzaza kadzanja n'kupita nato kwa amai, amene anakhala pakhonde, kachikho kopanda kanthu kali pamiyendo. Anayang'ana m'dzanja langa, natembenukila kukhoma. Ine ndinaganiza kuti akhuta, ndipo ndinadya ndekha.