Mabokosi a Apongozi Anga

Apongozi anga, a Alkaidi, anasunga mabuku olembedwa pamanja a makolo awo kuno ku Timbuktu kwa zaka makumi anayi. Bokosi lililonse linali la gogo amene anakopera mabukuwo. Buku la nyenyezi limagona pansi pa la mapemphero, la zithumwa pambali pa la malamulo. Ine Chiarabu sindiwerenga. Ntchito yanga inali kupukuta mchenga, ndipo buku lililonse ndinalidziwa ndi chikopa chake.

Kenako kunabwera a Ramata, ofufuza a ku Bamako. Anasanja mabuku onse potengera nkhani zake, namata pepala pa bokosi lililonse: Malamulo, Mankhwala, Nyenyezi, Zithumwa.

"Bambo, tsopano aliyense apeza buku mosavuta," anatero a Ramata.

"Aliyense, eti?" anayankha apongozi. "Mbuzi zonona mwaziika khola limodzi. Fisi adzakuthokozani."

A Ramata anaseka, nabwerera kwawo.

Chaka chotsatira anthu a mfuti analowa mumzinda. Mawailesi anakhala chete. Tinamva kuti akuyenda khomo ndi khomo, kuotcha chilichonse chonena za nyenyezi ndi zithumwa. Lachiwiri utsi unafuka kwa aneba.

Apongozi, maso atachita khungu, anandiitana. Chikwatiwire ndinali ndisanawayankhepo mawu oposa awiri.

"Niamoye, mwana wanga, ukukumbukira mmene mabuku aja ankagonera?"

"Ndikukumbukira, bambo."

Ndinabereka mwana wanga kumbuyo n'kuyamba kuwabwezera m'malo awo akale. Lofiira lopserera pakona, pansi pa lalikulu lakuda. Lonunkha chiswe, pakati pa awiri omangidwa ndi chingwe. Mapepala a a Ramata ndinawapala ndi mpeni, ndi kusonkhezera moto wa tiyi.

Anafika dzuwa lili paliwombo, anthu a mfuti atatu. Wamtali anatsekula mabokosi anayi. Pamwamba pa lililonse anapeza mapemphero.

"Mdala iwe, za nyenyezi zili kuti?"

"Kumwamba, mwana wanga. Muno muli agogo anga okhaokha."

Sanaseke. Anasisita chala pamene panatsalira guluu.

"Apa panalembedwa chiyani?"

Anayang'ana ine. Mwana anayamba kulira, ine ndinangoyang'ana pansi monga mwa nthawi zonse.

"Tibweranso ndi munthu wodziwa kuwerenga mpaka pansi pa bokosi," anatero potuluka.

Galimoto yawo itapita, apongozi anapapasa dzanja langa.

"Kukhitchini kuli matumba angati a mpunga?"

"Asanu ndi awiri, bambo."

"Tibisa mabuku m'menemo. Yamba ndi buku lofiira lija."