Bokosi Limene Alamu Anabowola

Alamu anga, mkulu wawo wa malemu amuna anga, sangaone thabwa losalala n'kulisiya. Ndi munthu wabwino ndithu. Samwa, satukwana, ndipo pamaliro amafika anthu asanayale mipando. Koma mukawasiyira thabwa, mudzalipeza lili ndi zibowo zooneka ngati masamba, maluwa kapena mbalame. Mumsewu mwathu amawatchula kuti a Zibowo, ndipo iwo amayankha mosangalala ngati ndi dzina laulemu.

Moyo wawo wonse ankakonza makina osokera m'kashopu kena kuseri kwa siteshoni ya basi. Atapuma ntchito anagula makina ena ooneka ngati osokera omwewo, kungoti pamalo pa singano pali kasowo kowonda ngati udzu, kamene kamakwera ndi kutsika. Amayamba abowola kabowo pathabwa, n'kulowetsamo kasowoko, kenako n'kumatembenuza thabwalo ndi zala kutsatira mzere wa pensulo. Makinawo anawaika m'kachipinda kosungiramo katundu kumbuyo kwa nyumba, ndipo kuyambira pamenepo akazi awo, amene ndimawatchula kuti achemwali, sanaonenso mtendere. Thabwa lawo lodulirapo masamba linasanduka nsomba. Chitseko cha kabati ya mbale chinasanduka mpesa, mphemvu zikulowa ndi kutuluka pakati pa masamba ake. Kutchalitchi anapatsidwa bolodi lopachikapo manambala a nyimbo kuti angolipala, koma litabwerako, manambala analibenso pokolekera.

Zonsezi ndinkazidziwa. Komabe ndinapita kwa iwo, chifukwa ndinaona njenjete m'wadiropu mwanga.

M'wadiropumo munali jekete laubweya, lotuwa, limene amuna anga ankavala Lamulungu lililonse. Zovala zina zonse ndinagawa, koma ilo ndinakanika. Pamwamba pa wadiropu yomweyo panali matabwa opyapyala a mkungudza, okulungidwa m'nsalu yakale. Malemuwo anali dalaivala wa lole, ndipo tsiku lina akunyamula zogumuka za nyumba ina yakale anapempha chitseko chimodzi, n'kukachicheketsa kuti chituluke matabwa opyapyala ngati chikuto cha buku. Ankati adzapangitsa bokosi la zovala zaubweya, poti njenjete zimadana ndi fungo la mkungudza likatsekeredwa m'kati. Matenda anafulumira kuposa bokosilo. Tsono nditaona kanjenjete kakutuluka pakolala ya jekete lija, ndinatsitsa matabwa aja n'kuwanyamula pamutu mpaka kwa alamu.

Atatsegula nsaluyo ananunkhiza thabwa limodzi maso ali chitsinzinire. Anandiuza kuti mkungudza ndiye mtengo umene amaukonda kuposa yonse, chifukwa ndi wopepuka ndipo kasowo kamadutsamo ngati m'sopo. Anati vuto lake n'loti ukapyapyala umang'aluka msanga kutsatira mitsempha yake, choncho amaumata tepi kapena kuukhomera pa thabwa lina poucheka. Ine sindinabwerere phunziro. Ndinadikira kuti apume mpweya.

"Alamu, ine ndikufuna bokosi. Makoma anayi, pansi, ndi chivundikiro chotseka bwino."

"Lopanda kalikonse?"

"Lopanda kalikonse."

"Ndiye mukufuna la maliro, mlamu."

Achemwali, amene ankayetsemula pakhomo chifukwa cha utuchi, anati ngakhale likanakhala la maliro bamboyu akanalibowola kuti womwalirayo azipumako mpweya. Alamu anati anthu a m'nyumba muno sadziwa kukongola. Kenako anaika dzanja pachifuwa n'kundilonjeza kuti za mng'ono wawo sangazichitire masewera.

Patapita nthawi ndinadzera konko pochokera ku mapemphero a amayi, ndipo bokosi ndinalipeza litatha. Linali losalala, lofiirira, ngodya zake zolumikizana bwino moti simukanalowetsamo tsitsi. Ndinathokoza Mulungu mumtima. Ndinati ndilinyamule pompo, koma alamu anati guluu anali asanaume ndipo kunatsala kupala ndi sandipepa. Achemwali anandiyang'ana, n'kundikodola ndi maso kuti ndilitenge chomwecho. Ine ndinaona kuti kulanda munthu wamkulu ntchito m'manja n'kupanda ulemu, ndipo ndinalisiya.

Alamu analibweretsa okha, atalifunditsa thaulo ngati mwana wakhanda. Atavundukula ndinakhala pansi. Pachivundikiro panali nkhunda ziwiri zoyang'anizana, nthenga iliyonse yobowoledwa payokha. M'mbali monse munazungulira mpesa. Ndinkatha kuona kapeti wanga kudzera m'bokosimo.

Anafotokoza modekha, ngati dokotala. Anati popala anapeza kamfundo kakuda pachivundikiro, kamene kanagwa kokha n'kusiya kabowo. Kabowo kamodzi pathabwa lalikulu kankaoneka ngati cholakwika, ndiye anakasandutsa diso la nkhunda. Nkhunda imodzi inkaoneka yosungulumwa, ndipo sanafune kuti ine, mayi wamasiye, ndiziona nkhunda ili yokha. Nkhunda zitakhala ziwiri, m'mbali munaoneka ngati mwaiwalika.

"Nanga njenjete, alamu?"

"Njenjete zimathawa fungo. Zibowozi zikutulutsa fungo kuti likakumane nazo panjira, zisanafike n'komwe."

Sindine munthu wamawu ambiri. Ndinawathokoza, ndinawaphikira tiyi, ndipo atachoka ndinapita kuchipinda kukapempha kuleza mtima. Mawa lake ndinadula mapepala olimba n'kuwamata m'kati mwa bokosi ndi phala la ufa kuti zibowo zitsekeke. Pamene phalalo linkauma, chivundikiro chinapindika ngati bwato, n'kusiya mpata woti mungalowetse chala. Ndinawaitanitsa. Anafika akupukusa mutu, n'kundiuza kuti thabwa lopyapyala silinyowetsedwa mbali imodzi, ndipo ankalankhula ngati wolakwa m'nkhani yonseyi ndi ine. Anamatula mapepala anga onse, ananyowetsa mbali inayo, n'kutsendereza chivundikirocho ndi njerwa mpaka chinawongoka. Pochoka anandichenjeza kuti ndisadzayikenso chonyowa pa ntchito yawo.

Ndinayesa kuyala nsalu m'kati, koma inkatsetsereka. Ndinayesa kufunditsa bokosi lonse, koma akabwera kudzandizonda ankapempha kuliona, n'kuchotsa nsaluyo, n'kuliika pafupi ndi zenera kuti dzuwa lilowe m'nthenga za nkhunda. Kunena zoona, fungo linalipo. Chipinda chonse chinkanunkhira mkungudza, ndipo pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuganiza kuti mwina alamu akudziwa zimene ine sindikudziwa. Jekete ndinalipinda bwino n'kuligoneka m'menemo. Bokosilo sindinkalitsegula kawirikawiri, chifukwa kugwira jeketelo kunkandiwawitsa mtima.

Nyengo yotentha itapita ndinaona kuti fungo lachepa. Ndinatsegula, ndipo njenjete zinauluka pamaso panga. Zinadya kuseri kwa kolala, pansi pa mkono wamanzere, ndi pathumba lapachifuwa pamene malemuwo ankaika magalasi. Jeketelo ndinaliimika pazenera, kuwala kukudutsa m'timabowo, ndipo ndinalankhula mawu ena amene pambuyo pake ndinawalapa.

Ndinapita nalo kwa telala wina wachikulire wa pamsika. Analitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti angathe kuluka malo odyedwawo ndi ulusi wochotsa m'mphepete mwa m'kati, ngakhale zipsera zidzaonekabe. Anandifunsa kumene linkakhala, ndipo nditamufotokozera za bokosi anaseka mpaka anavula magalasi. Anati amenewo si mabowo koma makomo, ndipo njenjete zinamangiridwa nyumba yamazenera. Atatha kuseka anandiuza kuti njenjete zimakonda chovala chogona mumdima osagwedezeka, koma chimene chimavalidwa, kukutumulidwa ndi kuona dzuwa sizichipeza. Anafunsa ngati kunyumba kulibe wolivala. Ndinati ana anga ndi aakazi okhaokha, ndipo amuna awo ndi zimphona zoti mkono umodzi sungalowe.

Jekete litalukidwa ndinapita nalo kwa alamu. Ndinawapeza m'kachipinda kawo, makina akulira, iwo atawerama pa kathabwa. Ndinadikira kuti azimitse, ndipo ndinaliyala pa tebulo lawo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Anayendetsa chala pa zipsera zija, chimodzichimodzi. Ndinkayembekezera kupepesa, koma mawu oyamba amene anatuluka anali akuti njenjete n'zopanda luso, zimangobowola paliponse popanda mzere. Achemwali, amene anali kumbuyo kwanga, anati akanakhala ndi mphika m'manja bwenzi ataugwiritsa ntchito.

Kenako alamu anakhala pa mpando wawo, mawu atatsika.

"Mng'ono wanga sindinamupangirepo kanthu ali moyo. Ankakana. Ankati ndimangowononga matabwa."

"Ankanena zoona, alamu."

"Eya. Koma ndinkafuna likhale labwino kuposa onse amene ndinapangapo."

Mtima wanga unayamba kufewa, ndipo ndinati chabwino, zapita zapita. Ndinawakumbutsa kuti matabwa aja sanathere onse pabokosi, choncho atenge otsalawo akhomere m'kati kuti zibowo zitsekeke, nkhunda zawo zizioneka kunja kokha. Alamu anayang'ana achemwali. Achemwali anayang'ana kudenga. Kenako alamu anatsegula kabati, ndipo m'menemo munali mzere wa timitanda, timbalame ndi tinyenyezi, tonse tofiirira, tonse tonunkhira chitseko cha amuna anga. Anati anaona kuti matabwawo angokhala, ndipo ankafuna kuti mdzukulu aliyense adzakhale ndi kanthu kokumbukira agogo ake. Panalibe kachidutswa ngakhale kokwana chikhatho.

Ndinatuluka panja. Ndinaima pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, ndikuwerenga zifukwa zimene munthu ayenera kukhululukira m'bale wake, ndipo zinkandithera msanga. Mkungudza wina sindikanaupeza, ndipo ngakhale ndikanaupeza, mmisiri wake anali yemweyu. Jekete likanabwerera m'wadiropu, njenjete zikanamaliza ntchito yawo. Mawu a telala aja anandibwerera, ndipo sindinawakonde.

Ndinalowanso n'kunyamula jekete lija m'mapewa.

"Imirirani, alamu. Valani."

Anakana. Anati sangayerekeze, ndi la mng'ono wawo. Ndinawauza kuti sindikuwapatsa chifukwa chowakonda, koma chifukwa pa amuna onse a m'banja muno iwo okha ndi amene angalowemo. Analivala. M'mapewa linakwana ndendende, koma manja anatalika mpaka kubisa zala. Achemwali anati bola, mwina zalazo zipumako. Ndinaika malamulo pompo: livalidwe Lamulungu, likutumulidwe ndi burashi, lione dzuwa lisanalowe m'wadiropu, ndipo lisadzaponde m'chipinda cha makina. Alamu anavomera chilichonse akugwedeza mutu, monga momwe anavomerera za bokosi.

Bokosi lija tsopano lili kukhitchini. Ndimasungamo anyezi, ndipo sindinakhalepo ndi chosungira anyezi chabwino chotero, chifukwa mpweya umadutsa mbali zonse ndipo sawola. Alamu atamva anakhumudwa kwambiri, ndipo ine sindinawatonthoze.

Jekete lili moyo. Njenjete sizinabwererenso. Lamulungu loyamba alamu anakhala mabenchi angapo kutsogolo kwanga, ndipo nditadzutsa mutu pambuyo pa pemphero ndinaona mapewa otuwa aja, ndi msoko wakumsana umene ndinausita zaka zonse zija. Abale awiriwo anabadwa ndi khosi lofanana, chinthu chimene ndinali ndisanachizindikire. Ulaliki wa tsikulo sindinaumve. Ndinkangoyang'ana mpaka ndinaona kuti pakolala, pamwamba penipeni pa chipsera cha telala, pali utuchi wofiira. Analowa nalo kumakina m'mawa womwewo, asanabwere kutchalitchi.

Potuluka ndinawaimitsa pakhomo n'kuwakutumula ndi dzanja, mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira. Anati anangolowa kukatseka zenera. Achemwali anati zenera la chipinda chimenecho silitseguka. Kuyambira Lamulungu lotsatira ndinasamukira ku benchi yakutsogolo, pafupi ndi amayi achikulire osamva bwino, kumene jeketelo limakhala kumbuyo kwanga ndipo ndimatha kupemphera. Burashi ndimayenda nayo m'chikwama.