Chikasu cha pa Galasi

Ndinanyamuka Lachinayi, 5 koloko itangokwana, nkhungu ili mbuu m'dambo lonse. Tadala kumbuyo, buku la kusikelo m'manja, tabuleti ndaikulunga zitenje ziwiri n'kuibisa pansi pa jumbo ngati chinthu chakuba. Apongozi ndinawapeza atadzuka kale, ali pakhonde, afunda bulangete.

"Sikelo ya Lachinayi yayamba liti?"

"Anasintha tsiku, amayi."

Anangoyang'ana jumboyo mpaka ndinakhota kuseri kwa nkhokwe.

Ndiyambe ndakuuzani chimene chinandichotsa pakhomo, mungati mkaziyu wazungulira mutu. Ine kwathu ndi kwa Mlonyeni, koma ndinatengedwa chitengwa kubwera kwa Mavwere. Bambo a Tadala ali ku Lusaka, akugwira ya zomangamanga. Anachoka ndili woyembekezera, ndiye mwana wawo sanamugwirepo. Iwo ndi amene anatumiza ndalama kwa munthu wina wogulitsa mafoni pa boda, a Daka, kuti tilandire tabuleti, tizionana nkhope tikamayankhula. Inabwera yatsopano, m'katoni, pulasitiki yake yosang'amba. Titaitchaja pa sola ndinamujambula Tadala ali pamphasa m'nyumba.

Abale anga! Mwana amene anatuluka pagalasipo sanali amene anali pamphasa. Theka la nkhope, mbali ya kumanzere, chikasu chokhachokha, ndi diso lomwe. Pakona ya pansi panali kuwala kutatu kukukwera, ndendende zala za munthu amene akufuna kumukoka mwana kuchokera pansi.

Mwana wanga woyamba, Mphatso, anangokhala masiku asanu ndi limodzi. Anapita maso ali achikasu.

Apongozi analanda tabuletiyo, kuiyang'ana, kuyang'ana mwana, kuiyang'ananso. "Makina sanama," anatero. "Kuchipatala amaona za m'mimba ndi galasi longa lomweli. Chimene maso athu achedwa kuona, ichi chaona kale. Mwanayu wasemphedwa." Kuno amati khanda lisanatengedwe kumphasa, kholo likagona ndi munthu wina, mwana amadwala tsempho. Mwana wawo ali kutali, wotsala pakhomo ndani? Kuyambira tsikulo anandiletsa kuthira mchere m'ndiwo, poti wotentha akathira mchere amadwalitsa nyumba yonse. Chitini cha mchere anakachiika kuchipinda kwawo. Ankhoswe anawaitana kuti abwere Loweruka.

Pali chinanso chimene sindinauze munthu. Tikamaimbirana ndi bambo a Tadala pa tabuletipo, kuseri kwa phewa lawo kunkaima chimthunzi chachitali, chosasuntha, ngati mkazi wovala duku amene akumvetsera. Ndikafunsa kuti muli ndi ndani, ankati, "Ndili ndekha ine, make Tadala, ukuona chiyani?"

Pamphambano ya kumsika ndinapeza wakabaza wa njinga yamoto akuwotha moto wa mapesi. Anati K4,000 mpaka pa tala, ndinanenerera, tinagwirizana K3,500. "Mwanayo ndi waulere," anatero akuliza njinga, "koma akandinyowetsera mpando, mtengo ukwera." Ndinayesa kuseka, milomo inakana.

Tikutsikira m'dambo lachiwiri, mwadzidzidzi anazimitsa injini n'kuvula chipewa. M'nkhungumo munatuluka azimayi asanu, okhaokha, wina kutsogolo ndi khasu, wina wanyamula kamtolo kokulunga m'chitenje. Osaimba, osalira. Ndinadziwa. Mphatso anapita chimodzimodzi, ndi azimayi okhaokha, m'mamawa, anthu asanadzuke. Tinaima duu kuti adutse. Pamene wakamtoloyo amafika pafupi nafe, m'jumbo mwanga munalira kuti ting'! Kuwala n'kuboola zitenje zonse ziwiri. Mayiyo anacheuka n'kundiyang'ana, kenako n'kuyang'ana Tadala. Ndinakokera mwana kutsogolo n'kumuyamwitsa pomwepo, asanapemphe n'komwe, kuti ndingomva kuti akukoka.

"Mwanyamula chiyani m'menemo, mayi?" wakabazayo anafunsa titadutsa.

"Wailesi."

"Wailesi yake yolira pamaliro."

Anakhomereza chipewa chake n'kuthamangitsa njinga mpaka pa tala.

Cham'ma 7 koloko ndinali m'minibasi ya ku Boma, K3,000. Kondakitala ankakuwa kuti watsala mmodzi yekha, ndipo mmodzi ameneyo tinamudikira pafupifupi ola lathunthu. Ndinakhala pafupi ndi mayi wina wonenepa amene amapita kukagulitsa mtedza. Anali wansangala, anamuseweretsa Tadala, n'kundifunsa kuti nkhope yagweranji. Mtima ukalemera pakamwa pamatseguka pokha. Ndinatulutsa tabuleti n'kumusonyeza chithunzi chija.

Kuseka konse kunathera pompo. Anadziphimba kumaso ndi mpango. "Zimitsani, mayi, chonde, chingationenso ife." Anasunthira kuzenera mpaka kukhalira thumba lake la mtedza. Bambo wina wa kumbuyo anasuzumira n'kunena chapansipansi kuti kwawo ayi, koma kumudzi kwa mlamu wake kunabwerapo foni yoonetsa amene atsala pang'ono kufa. Chibadwire sindinakhalepo motakasuka m'minibasi ngati tsiku limenelo, anthu anayi pampando koma palibe amene anandikhudza.

Pa Boma tinafika 9 koloko itadutsa. Bodza la sikelo ndinaliwongola, ndinapitadi kuchipatala. Nesi anamutengera Tadala pazenera, kumutsegula zikope, kumudina pamphumi, kumuika pasikelo. "Mwanayu ali bwinobwino. Maso oyera ngati ufa, thupi likukwera." Ndinamusonyeza chithunzi. Anachiyang'ana kamodzi n'kundibwezera. "Mayi, ine ndimaona ana, osati mawailesi. Wotsatira!"

Mukanakhala inu mukanabwerera pomwepo. Koma mawu a apongozi ankangolira m'makutu: chimene maso achedwa kuona. Nanga ngati nesinso maso ake achedwa? Panja ndinagula zitumbuwa ziwiri ndi thobwa, K700. Chitumbuwa chimodzi ndinangochiluma kamodzi, chinacho ndinapatsa galu amene ankandiyang'anitsitsa.

Kuchoka pa Boma kupita pa boda ndi matakisi ang'onoang'ono, K2,000, anayi kumbuyo, awiri kutsogolo, wina kukhalirana ndi dalaivala. Panjira tinadutsa pamene pamapatukira msewu wafumbi wolowera kwathu kwa Mlonyeni. Ndinauyang'ana mpaka khosi kupweteka. Amayi anga sankadziwa kalikonse. Ndinati mumtima, Loweruka zikavuta, ndidzatsikira pamenepa ndi katundu pamutu, dzina langa litaonongeka, ndipo mwina Tadala atatsala m'manja mwa apongozi.

Boda imayamba musanaione. Mumayamba mwaona mathiraki, mzere wautali m'mbali mwa msewu, madalaivala ayanika zovala pamagalasi, ena akuphika pambaula kunsi kwa matayala. Nditangotsika anandizungulira osintha ndalama, mitolo ili m'manja. "Sisi, Zambia? Tisinthe? Sisi, bwerani kuno, uyo ndi wakuba!" Ndinakumbatira jumbo n'kufunsa za a Daka. Wina analoza ndi mtolo wake womwewo: kontena yabuluu, kuseri kwa maofesi a maejenti okhomera katundu.

Inali 11 koloko ndi theka. A Daka ndi bambo waimvi, magalasi awo omanga ndi ulusi, chiyankhulo chawo cha kutsidya.

"Mwabwela na vuto bwanji, amake mwana?"

Ndinafotokoza zonse mothamanga, za Mphatso, za mchere, za Loweruka. Za mthunzi wa duku zokha ndinabisa. Anatembenuza tabuletiyo n'kuwerenga kumbuyo kwake. "Ni ya mu katoni ija," anadziyankhulira okha. Kenako anati, "Ngenani mukati. Valani chitseko."

Ndinazengereza. Mkazi ndekha, m'kontena, ndi bambo wosamudziwa. Koma ndinali nditafika patali. Nditalowa n'kutseka, chitseko chachitsulo chinalira kuti guu, mdima n'kuti bii masanasana. Ndinkangomva kupuma kwa Tadala ndi mathiraki kulirira kutali ngati tili pansi pa nthaka.

A Daka anayatsa tabuleti n'kuika galasi lonse lakuda, lopanda chithunzi chilichonse. Zala zitatu zija zinatuluka pakona. Zokha. Popanda mwana woti zimugwire. Kenako anaika loyera, ngati pepala losalembapo. Theka linali lachikasu. Ndipo cha kumtunda, payekha, popanda mwamuna wanga, panaima mkazi wa duku uja.

Ndinakuwa. Tadala naye n'kuyamba.

"Osayopa. Manje onani bwino," a Daka anatero. Anabweretsa chithunzi cha Tadala n'kutembenuza tabuletiyo, mutu pansi. Chithunzi chinazungulira chokha n'kuimanso chilili. Chikasu chinali chadumphira tsaya la kumanja. Zala zija tsopano zinkachokera kumwamba.

"Matenda yamene yajumpa ukapindamula galasi, munayaonapo?"

Anatsegula chitseko, dzuwa n'kulowa. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati mwana wa Sitandade 2, ndipo sindinakwiye, poti ine ndinalekezera 6. Anati kuseri kwa galasi kuli tinyale tating'onoting'ono tondondozana. Kufakitale akapanga mothamanga, tina timayaka moyera, tina mwachikasu, pena kuwala sikufika ndiye pamada, ndipo pamene chimango chafinya galasi kuwala kumathawira m'mbali. Chojambulira chilibe mlandu, nyale ndiye zodwala. Anatumiza chithunzi chomwecho pa foni yawo. Tadala anatuluka wakuda bwino, wonyezimira, maso mbee. Anang'amba katoni ina yatsopano n'kuyatsa. Nayonso inali ndi chikasu chake, mthunzi wake uli pena.

"Ndimwe wachitatu," anatero. "Woyamba anaiphwanya na hamala, ati muli chiwanda. Wachiwiri anali muzimai monga imwe. Uja anabwela mochedwa, katundu ili kale pamutu."

Sindinafunse kuti anathera kuti. Ndinkaopa yankho.

Anafufuza m'katoni ina n'kupeza yoyera bwino mbali zonse. "Tengani iyi, iyo musiye." Ndinatambasula dzanja, kenako ndinalibweza. Ndinawaona apongozi m'maganizo, ali pakhonde paja, akuti, wapita kwa sing'anga wa ku Zambia kukatsukitsa galasi.

"Ayi, bambo. Ndipatseni yodwala yomweyo. Mboni yanga ndi imeneyo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Muli na nzelu. Ikasiliza nchito yake muibweletse." Anandiphunzitsa kutembenuza kawiri katatu mpaka ndinadziwa.

Njala inandipeza pomwepo ngati inkandidikira panja. Ndinadya tchipisi cha pachiwaya cha K1,500, ndinathira mchere ndi dzanja langa, wambiri, mpaka wogulitsa anati, "Sisi, mcherewo timagulatu." Pobwerera msewu wa kwa Mlonyeni sindinauyang'ane n'komwe. M'dambo lija nkhungu inali itachoka, koma m'mbali mwa bango ndinaona dothi lofiira, latsopano, kamulu kakang'ono ngati ka mbatata. Apo pokha ndinatseka maso.

Ndinafika 5 koloko isanakwane, dzuwa likadalipo. Apongozi anali pakhonde akuswa mtedza ndi mnzawo wa kutchalitchi, aNachisale.

"Sikelo ya Lachinayi ndi yaitali," anatero osadzutsa mutu.

"Amayi, tayang'anani kuno."

Atangodzutsa nkhope ndinadina tabuleti n'kuwajambula. Ndinagwada n'kuwapatsa ndi manja awiri. Theka la nkhope yawo linali chikasu, diso lomwe. Kuseri kwa phewa lawo kunaima mkazi wa duku.

ANachisale anasuzumira, n'kuwomba m'manja. "Iii, anzanga! Inu wakusemphani ndani, poti amuna anu ali kumanda chaka chachisanu ndi chitatu chino?"

Apongozi anadzidzimuka, mtedza n'kumwazika. Ndinawamvera chisoni, poti mantha amenewo ndikuwadziwa kulemera kwake. Ndinatembenuza tabuletiyo m'manja mwawo momwemo. Chikasu chinadumphira tsaya linalo. Ndinajambula mtondo, unatuluka wachikasu. Ndinajambula mbuzi ya aNachisale, nayonso. "Imeneyo yokha ndikuvomereza," aNachisale anatero, "khalidwe lake ndi lokayikitsa."

Apongozi sanaseke. Anamutenga Tadala kumsana kwanga, kupita naye pabwalo poyera, kumutsegula zikope ndi chala, n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandibwezera n'kulowa m'nyumba.

Ndinali kukhitchini ndikutendera nkhwani pamene ndinamva mapazi kumbuyo. Chitini cha mchere chinatera pafupi ndi phazi langa.

"Masiku ano ndiwo sizimakoma," anatero. "Ankhoswe ndiwatumizira mawu, asavutike."

Basi. Kupepesa kwa akuluakulu kumathera pamenepo, ndipo ine ndinalandira.

Chimene ndinaphunzira pa ulendowu n'chakuti nyale imene anandiweruza nayo ndi yomweyo imene ine ndinaweruza nayo mwamuna wanga, kungoti ine mlandu wake ndinauzengera mumtima. Tabuleti ija sindinaibwezebe. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi bambo a Tadala amatiimbira, Tadala n'kumamenya galasi ndi timanja, ndipo mkazi wa duku amakhala ali pomwepo, kuseri kwa phewa. Ndikudziwa kuti ndi nyale. Koma ndisaname, ndisanapereke moni ndimayamba ndatembenuza, ndione ngati asamukire phewa linalo. Mpaka lero amasamuka. Tsiku limene adzakane kusuntha, ndidzafunsa mtengo wa basi ya ku Lusaka.