Nkhope ya a Sellah

Mayi Dainess Samsoni athyola tiyi pa esiteti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Pakamwa pawo sipachedwa: akaona chopusa amanena pomwepo, kaya wachita ndi kapitawo kaya ndi abusa.

Mu 2012 kunabwera mtsikana wa ku Japan kudzaphunzitsa masamu pasukulu ya pafupi ndi malaini a antchito. Ankagula mapeyala kwa a Dainess mpaka anazolowerana. Tsiku lina anawauza kuti chaka chapitacho nyanja inasefukira n'kukokolola tauni ya kwawo. Madzi ataphwa, anthu ankatola zithunzi m'matope n'kumazitsuka m'madzi ozizira, opanda sopo, chala chikuyenda pang'onopang'ono kuyambira m'mphepete. Akatero ankaziyanika pachingwe kuti eni ake adzazizindikire.

"Iii, anthu alibe pogona koma ali kalikiliki kuchapa mapepala?" A Dainess anaseka mpaka kugwira nthiti. Mtsikanayo anangomwetulira, ndipo patatha zaka ziwiri anabwerera kwawo.

Mu Malichi 2023, mvula ya namondwe wa Freddy itavumba masiku atatu osakata, napolo anatsika m'phiri n'kukwirira nyumba zisanu kumunsi kwa munda wa tiyi. Mwa omwe anatisiya munali a Sellah, mnzawo wa a Dainess wothyola naye mzere umodzi, mkazi wa a Yesaya, mlonda wa pafakitale. Foni yawo, momwe munali zithunzi, inapita ndi madzi. Patatha sabata a Yesaya anafukula sutikesi, ndipo munali zithunzi ziwiri zomatirira matope. Padziko lonse nkhope ya a Sellah inatsala pamenepo basi.

A Dainess anawapeza a Yesaya atakhala pamwala, sopo ndi chinkhupule zili m'manja. Chithunzi choyamba chinali chitayera mbee, munthu atachokapo yense.

"Achimwene, mukukwecha ngati poto! Bweretsani kuno chinacho, musachikhudzenso!"

Kunena zoona, a Dainess mantha anali nawo, poti ntchitoyi anangoimva m'makutu. Anatunga madzi a pamjigo m'beseni, n'kuviika chithunzicho. Chinali cha tsiku la ukwati, awiriwo ataimirira pakhomo la tchalitchi. Anayambira m'mphepete, osapupuluma, ndi chala chomwe chija chothyolera nsonga zanthete. Matope anayamba kusungunuka. Kunatulukira chipumi, kenako maso, kenako mpata wa m'mano uja unkaoneka a Sellah akamaseka. Koma mbali ya a Yesaya utoto unali utafewa kale. Unangoyenderera limodzi ndi matope, kutsala jekete lopanda mutu.

Zinawapweteka a Dainess mpaka misozi inalengeza m'maso.

"Pepani achimwene, nkhope yanu ndaichotsa."

A Yesaya analandira chithunzicho ndi manja awiri, chikudontha madzi, n'kuchiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Yangayo isiyeni, achemwali, ndikuyenda nayo," anatero. "Ndimafuna iyiyi."