Dzina limene huta inadula

Mwana wanga woyamba anabadwa osalira, chaka chachiwiri chifikire ine ku Wanki, kumigodi ya malasha kumene mwamuna wanga ankagwira ntchito. Kwathu wotere timati mtayo. Sakhala ndi maliro, sapatsidwa dzina. Amayi okhaokha amakamuika mwakachetechete, ndipo iwe mwini wake amakuuza kuti ukagwetsa msozi sudzaberekanso. Ndinamvera. Miyezi itatu ndinkasesa, kuphika, kuchapa maovololo akuda bii ndi malasha, koma mtima unali utauma gwa.

Amene anandikokera kunja ndi mayi wina wamkulu wa ku Ntcheu, woyandikana nafe nyumba ku komboni ya Madumabisa.

"Tiyeni mwananga, mukatithandize kumasula juzi," anatero.

Lachinayi lililonse mapemphero a amayi akatha, asanu ankatsalira kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wa tsanya, ati kumasula juzi yakale kuti aluke ina. Juzi yomweyo inatha chaka osamasuka! Onsewo anali otaya ana. Pamenepo ndi pamene ndinalira koyamba, ulusi uli kumanja, popanda wondiuza kuti tonthola. Ndinayambanso kudya, ndinayambanso kupereka moni panjira.

Malamulo anali awiri. Zokambidwa patsanya zizitsala patsanya. Ndipo huta, lipenga lowerukira kumgodi lija, ikalira, aliyense liwiro kwawo, chifukwa mwamuna wotuluka pansi akapeza madzi osamba ali ozizira, mapemphero amenewo atha.

Kenako kunabwera mtsikana wa ku Tete, wamsinkhu wanga, mkazi wa munthu wokankha ngolo pansi. Masabata anayi anangopota ulusi osatsegula pakamwa. Sabata yachisanu anayankhula akuyang'ana pansi.

"Amayi, ine ndinalakwa. Wangayo ndinamupatsa dzina. Ndikamachapa ndimamuitana, ndimamuuza kuti asasewere pafupi ndi madzi otentha. Dzina lake ndi..."

Huta inalira. Tonse tinadzambatuka ngati nkhuku zoona kabawi. Mayi wa ku Ntcheu anangomugwira paphewa n'kunena kuti, "Mudzamaliza sabata yamawa, mwananga." Tinamusiya atakhala ndi mpira wa ulusi pamiyendo.

Nkhani yosatha imayabwa pakamwa. Ine inandiyabwa kwambiri chifukwa nanenso ndinali ndi dzina lobisa, ndipo ndinkafuna kudziwa ngati mwamuna wanga angandiyese wamisala. Ndiye pomuthirira madzi osamba m'manja ndinayamba mozungulira: pali mayi wina wa ku Tete amene amachita zakutizakuti.

"Ayikona!" anatero. "Ameneyo mutu wazungulira. Mwamuna wake akudziwa?"

Ndinamupempha kuti asauze munthu. Koma amuna a mumgodi, amene amatinena ife akazi kuti ndife amiseche, akatsikira pansi pakamwa sipatsekeka. Pofika Lamulungu nkhani inali itafika mpaka ku komboni ya Ingagula, itamera nyanga: ati amabereka mtondo kumsana, ati amayamwitsa mzukwa. Mwamuna wake anachita manyazi pamaso pa anzake. Anati sangasunge wamisala m'nyumba ya kampani, amubwezera kwa makolo ake.

Lachinayi lotsatira patsanya tinalipo asanu ndi mmodzi, wa ku Tete palibe. Palibe anafunsa kuti waulula ndani. Mayi wa ku Ntcheu anapinda juzi ija n'kuika m'thumba, ndipo sitinakumanenso.

Tsiku lonyamuka wa ku Tete uja ndinayenda wapansi mpaka ku siteshoni ya sitima ya Thomson Junction. Ndinamupeza atakhala pa sutikesi ya malata, mwamuna wake ataima patali akusuta fodya. Ndinagwada pafumbi la malasha lija.

"Achemwali, ndine ndinanena. Ndikhululukireni."

Anandiyang'ana, wosakwiya, wongotopa.

"Ndinadziwa kuti ndinu. Inu nokha ndi amene munacheuka pothawa paja."

Ndinamupempha kuti andiuze dzina lija, kuti ndizilitchula ine kuno kumene mwanayo anagona. Ndinkaganiza kuti ndicho chokha chimene ndingamubwezere. Anapukusa mutu.

"Ndinabwera nalo kwa inu kuti ndilisiye penapake, achemwali. Tsopano ndipita nalo."

Sitima inabwera, anakwera. Ndinaberekanso ana anayi pambuyo pake, onse amoyo, ndipo ndakalambira kuno ku Wanki. Kumanda kuja kuli tiana tiwiri togona moyandikana. Ndikapita ndimaitana wanga ndi dzina lake. Winayo ndimangomuzulira udzu.