Mawu anayi pabolodi, foni m'thumba

Mawu aja ndinawalemba pabolodi: happy, glad, cheerful, delighted. Kumbuyo kwa kalasi kunakhala abwana ochokera kuboma, odzaona kaphunzitsidwe kanga. Koma mtima wanga unali kuchipatala cha ku Thambani. Mwana wanga wa zaka ziwiri anakomoka ndi malungo m'mawa womwewo, ndipo ndinamusiya m'manja mwa amayi anga maso atatembenuka. Ahedi anali atandichonderera kuti, "Madamu, abwanawa sabwera kawiri. Piriyodi imodzi yokha, kenako muthamange."

Ndiye inu, pasukulu pathu mawu achingerezi sitingowamasulira ayi, timawachita ndi thupi kuti ana aone. Ndinawauza kuti happy ndi kusangalala kwa masiku onse, glad ndi kwa munthu amene wamva nkhani yabwino, cheerful ndi wansangala chibadwire, ngati amayi ogulitsa manachesi pamsika aja. Ndinamwetulira mano onse pamtunda. Pomwepo foni inayamba kunjenjemera m'thumba la siketi.

Amayi anga saimba foni, amangofulasha kuti ineyo ndiwaimbire. Koma iyi inkangolirabe osaduka. Ndinaopa, inu. Ndinadziwa kuti munthu wotere akaimba yekha ndiye kuti zavuta, ndipo m'mutu mwanga munabwera kabokosi kakang'ono.

Panatsala delighted, chimwemwe chosefukira. Ndinadumpha, ndinawomba m'manja, ana n'kumaseka, kunditsanzira. Foni inaduka, n'kuyambanso. Ndinadumphanso ngati wamisala, chifukwa ndinkaona kuti ndikapanda kuyankha, mwana wanga akadali moyo.

Abwana aja anaimirira. "Madamu, kayankheni foniyo. Munthu sasangalala misozi ikutsika chonchi."

Sindinadziwe n'komwe kuti ndikulira. Ndinatuluka, n'kuika foniyo pakhutu.

"Iwe, foni unaigulira chiyani?" anakalipa amayi. "Mwana wadzuka kalekale, akulira akufuna amake. Wandikanda nkhope yonse!"

Ndinangokhala pansi pafumbi pomwepo, siketi yachikondwerero ndi choko chomwe, ndikulira mokweza ngati pamaliro. Ana anadzaza m'mawindo. Kamtsikana kena, kope lili m'manja, kanafunsa mwaulemu kuti, "Madamu, amenewo ndi mawu ati pa anayi aja?"

Ndinayang'ana bolodi kudzera pakhomo. "Palibepo, mwanawe," ndinatero, n'kudzuka kukasaka kabaza.